Pansi ponyowa ku Naisi: zoyenera kudziwa matailosi a mwala asanaikidwe

Nyumba yakale ikamakonzedwanso, ntchito yoika matailosi ndi imene imakonda kufulumizitsa eniake. Denga likasiya kudontha ndipo makoma akapakidwa penti, maso amatsikira pansi, pa simenti wakuda kapena wofiira amene wakhalapo zaka makumi angapo. Amene ali ndi ndalama zokwanira amasankha matailosi a mwala weniweni, monga granite, marble kapena miyala yafulati yosemedwa, chifukwa ndi yokongola ndipo imatha kukhala moyo wonse wa nyumbayo.

Vuto limabwera pamene simenti wakaleyo ali ndi chinyezi. M'chilimwe pansi pamaoneka pouma, mmisiri amayala miyala, ntchito imaoneka yaukhondo ndipo malipiro amaperekedwa. Mvula ikagwa kwa miyezi iwiri, m'mizere ya pakati pa matailosi mumayamba kutuluka ufa woyera, miyala yowala imachita mathotho akuda, ndipo ina imalira ngati ng'oma ikapondedwa. Pofika pamenepo ndalama za miyala, za guluu womatira ndi za mmisiri zimakhala zapita, ndipo mwala womatidwa kale sukanganuka wosasweka.

Pali mafunso awiri amene ayenera kuyankhidwa mwala usanagulidwe. Loyamba ndi lakuti pansi pakalepo panapangidwa ndi chiyani, kuyambira pamwamba mpaka padothi. Lachiwiri ndi lakuti madzi amene akunyowetsa pansipo akuchokera kuti. Zida zoyankhira mafunsowa n'zosavuta kupeza: hamala, tchizulo, msomali, viniga, pepala la pulasitiki ndi selotepi. Chodula ndi nthawi yokha, chifukwa mayankho ena amapezeka m'dzinja.

Chifukwa chake nkhaniyi ili yaikulu ku Naisi

Naisi ili m'munsi mwa phiri la Zomba, m'dera la Mfumu Yaikulu Malemia, panjira yolowera ku chigwa cha Domasi chimene chimalekanitsa phiri la Zomba ndi la Malosa. Nsonga ya phiri la Zomba imapitirira mamita 2,000 ndipo pamwambapo pamagwa mvula yochuluka kuposa m'chigwa. Madzi ena amatsika m'mitsinje monga Naisi, Songani ndi Domasi kulowera ku nyanja ya Chilwa. Ena amalowa m'nthaka n'kumayenda pang'onopang'ono pansi pa minda ndi nyumba, ndipo amapitirizabe kutero ngakhale mvula italeka mu Epulo.

Nyumba yomangidwa pamalo otsetsereka imakhala ndi mbali ziwiri zosiyana. Mbali ya kumtunda inakumbidwa m'nthaka, choncho khoma lake limatsekereza madzi otsika kuphiri. Mbali ya kumunsi inakwiriridwa ndi dothi lothira kuti pafanane, ndipo dothi lotere limatitimira m'kupita kwa zaka ngati silinatsenderedwe bwino. Motero m'nyumba imodzi chipinda china chimanyowa pamene china chimang'aluka, ndipo kuyesa pamalo amodzi okha kumanamiza.

Nayonso mibadwo ya nyumba za kuno ndi yosiyana kwambiri. Mishoni ya Domasi inakhazikitsidwa mu 1884, ndipo Zomba inali likulu la dziko lino mpaka mu 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. M'madera monga Old Naisi muli nyumba za m'nthawi ya atsamunda, pamene m'midzi yozungulira muli nyumba za njerwa zootcha zomangidwa ndi dothi, zimene eniake anaziika simenti patapita zaka atamanga. Nyumba zambiri zotere zinawonjezeredwa zipinda kangapo, ndipo chipinda chilichonse chili ndi pansi pa mtundu wake.

Mvula ya namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 inakhutitsa nthaka ya m'chigawo chakummwera, kuphatikizapo boma la Zomba. Nyumba imene inalowa madzi nthawi imeneyo, ngakhale inaoneka kuti yauma, mwina inatsala ndi mphako pansi pa simenti pamene dothi linakokoloka kapena kutitimira.

Mitundu ya pansi pakale

Pansi pomangidwa bwino pamakhala nsanjiko zingapo. Pamwamba pa dothi lotsendera pamayalidwa miyala kapena zibenthu za njerwa, kenako mchenga, pepala lochindikala la pulasitiki lotchinga chinyezi, konkire, ndipo pomaliza simenti wosalaza wosakaniza ndi mchenga. Simenti wosalazayu ndi amene maso amaona, ndipo pa iyeyu ndi pamene matailosi amamatidwa. M'nyumba zakale nsanjiko zina mwa izi kulibe.

Mtundu wofala kwambiri ndi wa simenti ndi mchenga, wotuwa, wosalazidwa ndi chitsulo mpaka kunyezimira. Ukakhala wabwino, msomali umangosiya kamzere koyera. Ngati pomanga simenti anachepa ndipo mchenga unachuluka, msomali umakumba kangalande ndipo mchenga umayoyoka ukakhudzidwa ndi chala. Pansi potere sipangagwire mwala, ngakhale patakhala pouma.

Mtundu wachiwiri ndi simenti wofiira, amene amapezeka m'makhonde ndi m'zipinda zochezera za nyumba zambiri za ku Zomba. Mtunduwo umachokera ku ufa wofiira wothiridwa pamwamba simenti asanaume, ndiponso ku polishi amene wapakidwapo zaka zambiri. Simenti mwiniyo akhoza kukhala wolimba ndithu, koma polishi ndi mafuta, ndipo guluu wa matailosi sagwira pa mafuta. Kukolopa ndi sopo sikuchotsa polishi amene analowerera. Pamafunika kupala kapena kugoba pamwamba ponse.

Mtundu wachitatu ndi njerwa zoyala padothi zimene zinakutidwa ndi simenti wopyapyala, nthawi zina wosafika masentimita 2. Ming'alu yake imatsata maonekedwe a njerwa, timizere tokhota m'ngodya. Njerwa yootcha imamwa madzi kwambiri, choncho pansi potere chinyezi cha m'nthaka chimakwera mosavuta. Wachibale wake ndi simenti wothiridwa mwachindunji pa dothi limene kale linkaziridwa. Akagogodedwa amalira mobuma paliponse, ndipo chiswe chimakonda kumanga njira zake pansi pake.

Mtundu wachinayi ndi wa laimu, amene ena amati njereza, wosakaniza ndi mchenga. Umapezeka m'nyumba zakale kwambiri, zomangidwa simenti asanayambe kupezeka mosavuta. Miyala ya ku Changalume, m'boma lomweli la Zomba, inapangidwa simenti kwa zaka zambiri mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, koma kusanafike kumeneko amisiri ankadalira laimu wootcha, wonga amene amapangidwabe ku Chenkumbi m'boma la Balaka. Pansi pa laimu pamakhala poyererako, pofewa, ndipo chibenthu chake chimakhala ndi timibulu toyera. Laimu amalola chinyezi kudutsa n'kuuma ndi mphepo. Nyumba yotere inamangidwa kuti izipuma choncho, ndipo kuitseka pansi ndi zinthu zosalowa madzi kumakankhira chinyezi m'makoma.

Mtundu wachisanu umadziwika ndi zotsalira zakuda zonanda. Limeneli ndi phula limene ankamatira nalo matailosi apulasitiki kapena timatabwa ta pansi. M'nyumba zina phulalo ndi lokhalo limene linkatchinga chinyezi, kotero likachotsedwa pansi pamayamba kunyowa kuposa kale. Matailosi akale apulasitiki ndi phula lawo nthawi zina ankasakaniza ndi asbestos, amene fumbi lake limayambitsa matenda oopsa a m'mapapo. Zotere sizipalidwa ndi makina. Zimanyowetsedwa ndi kuchotsedwa mosamala, wogwira ntchitoyo atavala chotchinga mphuno ndi pakamwa choyenera.

Ofufuza pa intaneti amakumana ndi mitundu ina iwiri imene imavutitsa ku Ulaya. Wina ndi magnesite, wofiirira, wosakaniza ndi utuchi, amene ankaikidwa m'nyumba za kumeneko m'zaka za pakati pa 1920 ndi 1960 ndipo amafufuma akanyowa. Wina ndi wa gypsum, woyererako, umene umafewa m'madzi ndipo sugwirizana ndi guluu wa simenti. Pansi pofiira pa nyumba ya ku Naisi kawirikawiri pamakhala pa simenti ndi polishi, koma ngati m'chibenthu muli utuchi, pansi ponsepo payenera kugumulidwa.

Kuyesa kuti mtundu wake udziwike

Ntchito imayamba ndi kuchotsa zonse zophimba pansi, monga mikeka, makapeti ndi mipando yolemera, n'kusesa bwino. Pansi pa kapeti kapena kabati ndi pamene chinyezi chimaonekera poyamba, chifukwa mphepo sifikapo. Fungo la chuku, mathotho akuda, ufa woyera m'mphepete mwa khoma, penti wofufuma cha m'munsi ndi miyendo ya mipando yovunda ndi zizindikiro zoyenera kulembedwa, pamodzi ndi malo ake enieni.

Kenako pamabwera kugogoda. Mmisiri amayenda m'chipinda chonse akugogoda pang'onopang'ono ndi hamala kapena chitsulo. Pamene simenti wagwirana ndi za pansi pake pamalira mothina. Pamene walekana pamalira mobuma ngati ng'oma. Malo obumawo amazunguliridwa ndi choko. Akakhala ochepa ndi aang'ono akhoza kudulidwa n'kukonzedwa. Akafalikira chipinda chonse, nkhani yokonza yatha, kwatsala kugumula.

Kukanda ndi msomali kumaonetsa kulimba. Mizere imakandidwa mopingasana pamalo angapo, ndipo ngati m'mphambano za mizereyo simenti akunyenyeka, ndiye kuti ndi wofooka. Dontho la madzi limaonetsa ngati pamwamba pali chotchinga: likalowa m'mphindi zochepa, guluu adzagwira, likangokhala ngati mkanda, pali polishi, mafuta kapena penti.

Kuyesa kofunika kuposa konse ndi kukumba kadzenje. Pangodya ya chipinda, kutali ndi pamene padutsa mapaipi kapena mawaya, mmisiri amaboola ndi tchizulo kadzenje kokula ngati chikhatho mpaka afike padothi. M'mbali mwa kadzenjeko nsanjiko zonse zimaoneka, ndipo kuchindikala kwa iliyonse kumayezedwa ndi tepi. Apa ndi pamene zimadziwika ngati pali konkire, njerwa kapena dothi lokha, ndiponso ngati pali pepala la pulasitiki. Ku Britain mapepala otere anayamba kufala m'zaka za m'ma 1960, ndipo kuno nyumba zambiri zomangidwa ndi eniake zinapitiriza kumangidwa popanda pepalalo kwa zaka zambiri pambuyo pake. Dothi la pansi pa kadzenjeko lifumbatidwe m'manja: likaumbika ngati nsima, nthaka ndi yonyowa. M'nyumba yowonjezeredwa zipinda, kadzenje kakumbidwe m'mbali yakale ndi m'mbali yatsopano.

Zibenthu zotuluka m'kadzenjemo zisatayidwe. Chimodzi chithiridwe viniga pamalo pamene changosweka kumene. Laimu amachita thovu lambiri nthawi yomweyo. Simenti wakale amachita thovu pang'ono pamwamba pokha, pamene wakhala akukhudzana ndi mpweya, koma m'kati mwake samachita kwenikweni, pokhapokha ngati miyala yosakanizamo ndi ya laimu. Chibenthu china chigone m'kapu ya madzi usiku wonse. Cha dothi chimasungunuka, cha gypsum chimafewa, cha simenti wabwino chimatuluka monga chinalowera.

Kupeza kumene madzi akuchokera

Njira yodziwika yoyesera chinyezi ndi ya pepala la pulasitiki. Bungwe loona za miyezo la ASTM la ku America linaika njirayi m'ndondomeko yake yotchedwa D4263: pepala loonekera, lotalika masentimita 45 mbali zonse, limamatidwa pansi ndi selotepi m'mbali zonse zinayi kuti mpweya usalowe, n'kusiyidwa kwa maola osachepera 16. Kulisiya masiku awiri kapena atatu n'kwabwino koposa. Mapepala aikidwe pamalo angapo, pakati pa chipinda, m'mphepete mwa khoma la kumtunda, ndi pafupi ndi bafa kapena khitchini, ndipo dzuwa lisawombepo.

Ngati kunsi kwa pepalalo kwachita mame kapena simenti wadera, chinyezi chikuchokera pansi. Ngati mame ali pamwamba pa pepala koma kunsi kuli kouma, madziwo akuchokera mumpweya wa m'nyumba, zimene zimachitika m'masiku a chiperoni mu Juni ndi Julayi pamene mawindo amakhala otseka ndipo simenti wazizira. Vuto lachiwirili limatha ndi kulowetsa mphepo.

Pepala likapezeka louma mu Okutobala, umenewo si umboni wakuti pansipo ndi pouma chaka chonse. Ku Naisi kuyesa kodalirika ndi kwa pakati pa Januwale ndi Malichi, pamene nthaka yakhuta madzi. Timakina ta m'manja toyezera chinyezi, tija tokhala ndi timisomali tiwiri, tinapangidwira matabwa. Pa simenti wokhala ndi mchere timaonetsa manambala okwera ngakhale pouma, choncho timangothandiza kuyerekeza malo ndi malo. Makampani akuluakulu omanga amagwiritsa ntchito kabokosi komatidwa pansi koyeza chinyezi cha mpweya wotsekeredwamo, ndipo ku Britain malire otsatiridwa ndi 75 peresenti.

Chinyezi chikatsimikizika, malo ake amaloza gwero. Chikakhala ponseponse ndipo chimakula m'dzinja, ndi cha m'nthaka, chokwera kudzera m'timabowo ta njerwa ndi simenti monga mafuta amakwerera m'chingwe cha nyali. Chikakhala m'mbali mwa khoma limodzi, kaonedwe kunja kwa khomalo. Kawirikawiri dothi la panja lakwera chifukwa cha kukokoloka kwa kumtunda kapena bedi la maluwa, mpaka lafanana ndi pansi pa m'nyumba kapena kupitirira. Amisiri amafuna kuti chotchinga chinyezi cha m'khoma chikhale masentimita osachepera 15 pamwamba pa nthaka ya panja. Madzi a padenga ogwera m'tsinde mwa khoma, ngalande yotsekeka ndi dzenje la madzi a kubafa lokumbidwa pafupi ndi nyumba zimabweretsa vuto lomwelo.

Chinyezi cha pamalo amodzi chimene sichisintha ndi nyengo chimaloza paipi yobooka, makamaka mapaipi akale achitsulo amene amachita dzimbiri m'kati mwa simenti. Kumene kuli mita ya madzi, mipopi yonse itsekedwe, manambala a pamita alembedwe madzulo ndi kuonedwanso m'mawa wina asanatsegule mpopi. Akasuntha, madzi akutayika penapake. Paipi yotaya madzi akuda siioneka pamita. Imadziwika ndi fungo ndiponso ndi kunyowa kumene kumakula anthu akasamba.

Chifukwa chake mwala umavuta kuposa matailosi wamba

Matailosi a kufakitale, makamaka a porcelain, samwa madzi kwenikweni. Mwala wachilengedwe uli ndi timabowo, ndipo mitundu yake imasiyana. Granite ndi syenite, miyala imene inapanga phiri la Zomba ndi la Malosa, ndi yothina ndipo imamwa madzi ochepa. Chimodzimodzi mwala wakuda wa ku Mutoko m'dziko la Zimbabwe ndi wobiriwira ngati thambo wa ku Ilomba m'boma la Chitipa. Marble, limestone ndi sandstone amamwa madzi ambiri, ndipo ndi amene amaonongeka msanga pansi ponyowa.

Madzi okwera kuchokera pansi amanyamula mchere wa m'nthaka ndi wa m'simenti. Akafika pamwamba amauma, mchere n'kutsala. Wina umaoneka ngati ufa woyera m'mizere, koma wina umaumira m'timabowo ta mwala n'kumautsekula m'kati, mpaka pamwamba pake pamayamba kusupuka. Miyala ina ili ndi chitsulo mwachibadwa, ndipo ikakhala ponyowa imatulutsa mathotho a dzimbiri amene satsukika. Mwala wowala umadera m'mphepete, tailosi iliyonse n'kuoneka ngati yaikidwa m'felemu. Amene amayesa kuchotsa mchere pa marble ndi viniga kapena asidi amauononga kotheratu, chifukwa marble ndi mwala wa laimu ndipo asidi amaudya.

Kulemera nakonso kuwerengedwe. Granite wochindikala masentimita 2 amalemera makilogalamu pafupifupi 54 pa sikweya mita imodzi. Chipinda cha mamita 4 m'lifupi ndi 5 m'litali chimasenza mwala wopitirira tani imodzi. Mwala supindika, choncho simenti wa pansi pake akatitimira kapena kung'aluka, mng'aluwo umatulukira pamwamba.

Palinso nkhani ya umoyo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo okhudza chinyezi ndi nguwi m'nyumba mu 2009, ndipo linaonetsa kuti okhala m'nyumba zonyowa amavutika kawirikawiri ndi chifuwa ndi mphumu. Kuphimba pansi ponyowa ndi mwala sikuchotsa madziwo. Amasamukira m'makoma, kuseri kwa makabati ndi mabedi, kumene nguwi imamera osaonedwa.

Kusunga, kukonza kapena kugumula

Chilichonse chisanachitike m'nyumba, gwero la madzi likonzedwe. Paipi yobooka isinthidwe, dothi la panja litsitsidwe ndi kupendeketsedwa kuti madzi azithawa khoma, madzi a padenga atengedwe kupita kutali, ndipo kumtunda kwa nyumba kukumbidwe ngalande yopatutsa madzi a kuphiri. Zimenezi zikachitika chilimwe chino, pepala la pulasitiki limatidwenso dzinja likubwerali. Pansi pambiri pamauma ndi ntchito ya panjayi yokha.

Simenti wakale angasungidwe ngati ali wolimba, sakulira mobuma, ali pa konkire, ndipo wapezeka wouma m'dzinja. Polishi ndi penti zipalidwe mpaka dontho la madzi lizilowa. Popala simenti pamatuluka fumbi loononga mapapo, choncho pathiridwe madzi ndipo mmisiri atchinge mphuno. Kusalala kuyesedwe ndi thabwa loongoka la mamita 2. Mpata wa pansi pa thabwalo usapitirire mamilimita 3. Ming'alu yaing'ono imene inaima ingatsekedwe, koma mng'alu umene mbali imodzi yakwera kuposa inzake ukusonyeza kuti nthaka ikuyenda, ndipo pamenepo pafunika injiniya.

Ngati simenti ndi wolimba koma pansi pake palibe pepala lotchinga ndipo chinyezi n'chochepa, pali mankhwala a epoxy opaka pamwamba, ndiponso mapepala apadera oyala pakati pa simenti ndi matailosi. Zimenezi zimagwira ntchito pamene pali nthunzi chabe ya chinyezi. Pamene madzi enieni amatumphuka m'dzinja sizithandiza. M'nyumba ya makoma omangidwa ndi dothi kapena laimu, kutseka pansi motere kuganiziridwe kawiri, chifukwa madzi osowa potulukira amakwera m'khoma n'kufewetsa dothi logwirizitsa njerwa.

Simenti woyoyoka, wobuma ponseponse, wothiridwa padothi kapena pa njerwa zonyowa agumulidwe. Pomanganso, nthaka imatsenderedwa, amathira mankhwala a chiswe, amayala miyala ndi mchenga wosalaza kuti pepala lisabooke, kenako pepala lochindikala la pulasitiki la omanga nyumba, la ma micron 250 kapena kuposa, lopitana m'malumikizidwe ndi lokwezedwa m'mbali mwa makoma. Mapepala opyapyala ofolerera denga la udzu sayenera pano. Pamwamba pake pamabwera konkire wochindikala masentimita 7.5 mpaka 10, ndiyeno simenti wosalaza, muyezo umodzi wa simenti ku miyezo 3 kapena 4 ya mchenga wa kumtsinje wopanda dothi. Simentiyo akhale wa m'thumba lokhala ndi chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards, wosachita mibulu. Nyumba yakale kwambiri ya laimu ikhoza kuikidwanso pansi pa laimu, mwala n'kuyalidwa pa matope a laimu kuti chinyezi chizitulukira m'mizere, koma ntchito imeneyi imafuna mmisiri amene anaigwirapo.

Simenti watsopano amathiriridwa madzi kapena kuphimbidwa kwa masiku 7 kuti akhwime, ndipo pambuyo pake amasiyidwa kuti aume. Malangizo a ku Britain a BS 5385 amati konkire adikiridwe masabata osachepera 6 ndipo simenti wosalaza masabata osachepera 3 matailosi asanaikidwe. Amisiri amawerengeranso tsiku limodzi pa milimita iliyonse, kotero simenti wa masentimita 4 amafuna masiku 40 kuti aume bwino, ndipo m'dzinja amafuna ochulukirapo. Kwa mwala wowala, kudikira nthawi yaitaliyo n'kwanzeru.

Poika mwala, guluu apakidwe pansi ponse ndi kunsi kwa tailosi yonse. Chizolowezi choika timibulu tisanu, m'ngodya ndi pakati, chimasiya mphako mmene madzi amasonkhana ndipo mwala umasweka ukapondedwa ndi chinthu cholemera. Mwala wowala umafuna guluu woyera, chifukwa wotuwa amaonekera. M'mphepete mwa makoma musiyidwe kampata kuti mwala upeze potambasukira. Mankhwala otetezera mwala pamwamba apakidwe guluu atauma, apo ayi amatsekera chinyezi m'kati.

Nthawi ndi mgwirizano ndi mmisiri

Kalendala ya ntchitoyi ku Naisi imatsata mvula. Kuyesa chinyezi n'kwa Januwale mpaka Malichi. Ngalande, mapaipi ndi kugumula n'kwa Meyi ndi Juni. Konkire ndi simenti wosalaza akathiridwa pofika Julayi, amauma bwino ndi kutentha kwa Seputembala, ndipo mwala ungaikidwe mu Okutobala mvula isanayambe. Kumene ntchito ya panja ikuyembekezeka kuumitsa simenti wakale, mwala udikire mpaka dzinja lina litsimikize.

Mmisiri wodziwa ntchito, kaya anaphunzira kusukulu ya ntchito zamanja monga ya Nasawa kapena anakulira pantchito, sakana kukumba kadzenje ndi kumata pepala. Amene akufuna kuyamba mawa lomwe osagogoda pansi afunsidwe chifukwa chake, poti safunsa anadya phula. Ndi bwino kulemba papepala zimene zapezeka, zimene zidzachotsedwe, mtundu wa guluu, masiku odikira, ndi gawo la malipiro limene lidzaperekedwe dzinja loyamba likatha. Mwininyumba ajambule zithunzi za kadzenje, za pepala lotchinga lisanakwiriridwe ndi za pamene padutsa mapaipi, n'kuzisunga pamodzi ndi mapepala a nyumba, kuti amene adzakonzenso pansipo m'tsogolo asadzayambire pa kungoganizira.